Maola a Jabu Anapita Kuti?

Mutu 5

1. Manambala pa khoma

Lachinayi limenelo Tusekile sanathe kukhala pansi. Ankangozungulira m'holo ya tchalitchi ku Yeoville, uku akukonza mipando yokonzedwa kale, uku akupukuta tebulo loyera kale. Wosamudziwa akanati mtsikanayu ndi wakhama zedi. Koma si khama limene linkamuyendetsa, mtima unali m'mwamba.

Pa holide ya Julaye, Amalawi a mpingowu ankadyetsa ana a m'deralo chakudya chamasana ndi kuwathandiza kuwerenga. Ntchitoyi ankagwira ndi achinyamata ongodzipereka, opanda malipiro. Chaka chimenechi kunabwera nkhani yokoma. Kampani ina ya ku Midrand inalonjeza kutumiza wachinyamata mmodzi ku Cape Town kukaphunzira za makompyuta. Wopitayo anayenera kukhala amene wagwira maola ambiri pa masabata awiri oyamba, ndipo ulendowo unali wa pa ndege.

Ndege! Tusekile anabwera ku Joni pa basi kuchokera ku Lilongwe, miyendo mpaka kutupa. Ndege ankangoziona m'mwamba zikamalowera ku bwalo.

Iyeyu ndi amenenso ankasunga maola a onse. Mayi Benedicta, mkulu wa ntchitoyi, ankalemba m'kope nthawi yofika ndi yoweruka ya aliyense mwa kalembedwe ka ku Joni: 08h30, 13h00. Tusekile, yemwe anali mu Giredi 11 ndipo ankaphunzira makompyuta kusukulu, ankakopera zonsezi mu sipuredishiti, tebulo la mizere ndi timabokosi, pa laputopu ya tchalitchi. Ankadziwa kuti kompyuta siimva 08h30, imafuna 8:30, timadontho tiwiri pakati. Tisamunamizire, ntchito ankaidziwa. Vuto lake linali loti ankayesa kuti akuidziwa yonse.

Pofuna kuti pasakhale zonena, Mayi Benedicta analamula kuti kuphatikiza maola kuchitike pamaso pa onse. Anayatsa pulojekita ija amaonetsera nyimbo Lamulungu, ndipo tebulo la mayina linaoneka pa khoma.

"Phatikiza, mwanawe, tione," anatero mayiwo.

Tusekile analemba lamulo lophatikiza n'kulikokera pansi mzere wonse. Manambala anatuluka motsatana. Nandi, 19:00. Praise, 16:45. Jabu, 14:00. Tusekile, 23:30.

Holo yonse inaphulika. Nandi, mmodzi wa achinyamatawo, anamudumphira Tusekile pakhosi. Amayi a kukhitchini anatuluka ndi zipande m'manja akuimba nthungululu. Ngakhale ana, omwe sankadziwa kuti chikuchitika n'chiyani, anayamba kumenya mbale ndi masupuni.

"Cape Town, sisi! Ukatitengere madzi a m'nyanja m'botolo!" anakuwa Praise.

Munthu mmodzi yekha sanawombe m'manja. Ameneyu anali Jabu, mnyamata wamtali wa ku Soweto. Agogo ake anachokera ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo Jabuyo anabadwira konkuno. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chizulu, moti anzake ankamutcha Mjoni.

"Haibo! Fotini?" anatero Jabu akuloza pa khoma. "Ine fotini? Mama, ine ndimatsala pano onse atapita. Mapoto aja amatsuka ndani? Ngubani?"

"Iwe umafika mochedwa, Mjoni," anayankha Praise akuseka. "Ife tikamasenda mbatata iwe uli pa mzere wa takisi."

Mayi Benedicta anakweza dzanja kuti onse akhale chete.

"Jabu mwanawe, tamvera. Kompyuta ilibe m'bale. Siikonda munthu, siidana ndi munthu. N'chifukwa chake ndinati tiphatikize poyera, aliyense akuona. Pa moyo uno udzapikisana ndi anthu kambirimbiri, ndipo si nthawi zonse pamene udzapambana. Mnzako akapambana, mugwire chanza. Ukazolowera kumati andibera nthawi iliyonse ukagonja, anthu adzaleka kukuitana. Ndikukuuza ngati mayi ako."

Jabu anavula epuloni pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa tebulo.

"Ngiyabona, mama. Ndaona. Ku Soweto amati ndine Mnyasa. Kuno mumati ndine Mjoni. Ndinabwera kuno kuti ndiphunzire chilankhulo cha agogo anga, kuti ndikhale ndi anthu akwathu. Kani maola anga sawerengedwa ngati a ana anu. Sharp."

Anatuluka osatembenuka. Koma chimwemwe sichichedwa kubwerera pamene pali achinyamata. Posakhalitsa Nandi anali akumuphunzitsa Tusekile kamangidwe ka lamba wa m'ndege, chikhalirecho naye anali asanakwerepo.

2. Ola limodzi lowonjezera

Anthu atabalalika, mapoto anatsala ali mbwee m'khitchini. Wowatsuka anali atapita. Tusekile, pofuna kuonetsa kuti wopambana sanyada, anapinda malaya n'kuyamba kukwecha.

Apa m'pamene anadziwa kuti poto wa nyemba za ana ambirimbiri si mbale ya tiyi. Madzi a pampopi m'nyengo yozizira ya ku Joni amaluma zala. Anakwecha mpaka msana kuwawa, ndipo pomaliza ola lathunthu linali litatha.

Mpikisano unali utatha dzulo lake, koma Tusekile anafuna kuti nambala yake ikongole. Anatsegula laputopu n'kulemba 1:00 pa mzere wa dzina lake. Anayang'ana kumapeto kuti aone 24:30.

Panalembedwa 0:30.

Anatikita m'maso. Anafufuta, n'kulembanso. 0:30 yomweyo. Maola ake onse a masabata awiri anasanduka theka la ola!

"Mayo ine, ndaononga chiyani?" anadzifunsa, thukuta likutuluka ngakhale kunkazizira.

Dzina la wopambana linayenera kutumizidwa ku Midrand mawa lake. Tusekile anaponya laputopu m'chikwama, poti nthawi zambiri ankaloledwa kupita nayo kunyumba, n'kuliyatsa liwiro la ku Rockey Street.

3. Kwa a Sidi

Pafupi ndi msika panali kashopu ka intaneti ka a Sidi, bambo wa ku Senegal wokonda kuseka. Ankasindikiza mapepala, kukonza mafoni ndi kuyankha mafunso a aliyense, ngakhale amene sanafunsidwe. Iwo ndi Tusekile ankalankhulana m'Chingerezi.

"A Sidi, ndithandizeni! Kompyuta yandidyera maola!"

A Sidi anayang'ana pa sikirini n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Sinadye kanthu, mwana wanga. Tandiuza, wotchi ya pa foni yako ikafika 23:59, kenako imalemba chiyani?"

"0:00."

"Basi! Kompyuta ukaipatsa nambala yokhala ndi timadontho tiwiri, imayesa kuti ukuifunsa kuti nthawi ili bwanji. Ndiye imayenda ngati wotchi. Maola akakwana 24 imati tsiku latha, imaliika kumbali, n'kukuonetsa zotsala zokha. Maola ako alipo onse, angobisika. Iweyo uiuze kuti sukufuna nthawi ya pa wotchi, ukufuna kuchuluka kwa maola."

"Ndiiuze bwanji?"

"Dina kabokosi ka nambala yako ndi batani la kumanja. Sankha Format Cells. Tsikira pa Custom. Waona palembedwa h:mm? Fufuta. Lemba [h]:mm. Timipanda tiwiri timeneti tikuiuza kuti ikafika 24 isayambirenso, izingopitirira."

Tusekile analemba, n'kudina. Pomwepo 0:30 inasanduka 24:30.

Anadumpha n'kukuwa mpaka mayi wina amene ankasindikiza ziphaso anagwetsa envelopu. Mtima unabwerera m'malo. Ndipo kunena zoona, kudziwa chinthu chatsopano kunamukomera pafupifupi ngati ulendo weniweniwo.

"Usakonze kabokosi kako kokha," anatero a Sidi akupita kukathandiza mayi uja. "Uchite mzere wonse. Aliyense wodutsa 24 zimuchitikira zomwezi."

Tusekile anasankha mzere wonse akung'ung'udza kanyimbo. Analemba [h]:mm. Nambala ya Nandi sinasinthe. Ya Praise sinasinthe. Ya Jabu inasintha.

38:00.

Kanyimbo kaja kanathera pakhosi. Anawerenga masiku a Jabu limodzilimodzi. Inde, ankafika mochedwa. Koma ankaweruka madzulo tsiku lililonse, onse atapita kalekale. Pa gulu lonse, Jabu yekha ndi amene anadutsa maola 24, ndipo n'chifukwa chake nambala yake yokha ndi imene inabisika. Anzake onse manambala awo anali olondola, ndiye palibe amene anakayika.

Anacheuka. A Sidi anali atawerama pa makina osindikizira. Palibe amene anaona.

Tusekile anadina mabatani awiri obwezera m'mbuyo. 38:00 inabwerera pa 14:00. Anafufutanso ola lake la mapoto lija, ndipo zonse zinakhala monga zinalili pa khoma. Anatseka laputopu n'kutuluka osatsanzika.

4. Mawu a azakhali

Kununkhira kwa nkhuku yokazinga kunamulandira ali pa masitepe. Tusekile ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ndi azakhali ake a Eleanor, namwino pa chipatala china cha m'tauni. Nkhani inali itafika kale, chifukwa Mayi Benedicta sankasunga uthenga wabwino.

"Wafika wa ku Cape Town!" anakuwa azakhali akuvina ndi mpeni m'manja. "Taona pa bedi!"

Pa bedi panali sutikesi yofiira ya matayala, yobwereka kwa aneba. Azakhali anatsegula foni n'kumumvetsera uthenga wa mawu wochokera ku Lilongwe. Anali amayi ake a Tusekile, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ankati auza kale a kumpingo ndi a pamsika onse.

Tusekile anamwetulira, koma nkhuku ija anangoilawa pang'ono n'kuisiya.

"Wayamba kale kudya ngati mzungu?" anamuseka azakhali. Kenako anapukuta m'manja n'kukhala moyang'anizana naye. Akakhala chonchi, Tusekile ankadziwa kuti kukubwera malangizo.

"Tuse, tamvera bwino, poti ukupita kutali ndipo ine sindidzakhalako. Choyamba, usamayende wekha kumalo kosakudziwa. Ndakhala ndikukuuza kuti ngakhale ku Soweto konkuno usapite popanda wamkulu, ndiye kulibwanji kumeneko. Chachiwiri, usakadzione ngati wanzeru kuposa anzako.

"Chachitatu ndi ichi, ndipo ndi chimene ndanyadira lero. Wapambana ndi maola ako. Ukudziwa, ife tonse tinabwera ku Joni kuno tilibe munda, tilibe nyumba. Chimene tinabwera nacho ndi nthawi yathu basi. Mlonda amapereka nthawi yake. Wantchito wa m'nyumba ku Midrand amapereka nthawi yake. Ine ndimapereka yanga. Ndiye munthu akakuikira kuti uzilemba nthawi ya anzako, wakupatsa chinthu cholemera. Kuchipatala ndikalemba kuti wodwala wamwa mankhwala thuu koloko pamene sanamwe, palibe amene angandigwire. Pepala likhala loyera bwino, dokotala asainira. Koma mnzanga wobwera pambuyo panga akhulupirira pepalalo, ndipo wovutika ndi uja wagona pa bedi. Anthu sakhulupirira pepala ayi, amakhulupirira munthu amene walemba. Iwe Mayi Benedicta anakukhulupirira, ndipo sunawachititse manyazi. Ukapitirize zomwezo."

Azakhali sankadziwa kanthu. Ankangoyamikira mwana wa mchimwene wawo. Koma mawu aliwonse ankamubaya Tusekile, ndipo anachita manyazi kwambiri.

"Mawa pa nthawi ya nkhomaliro tikumane m'tauni," anapitiriza azakhali mosangalala. "Tikakusankhire jekete. Kumeneko nyengo ino ndi mvula ndi mphepo."

"Chabwino, azakhali," anayankha Tusekile akuyang'ana sutikesi ija.

5. Pa khoma pomwe paja

Lachisanu m'mawa holo inadzaza msanga. Nandi anabwera ndi chipewa choti Tusekile akajambulitse nacho ku nyanja. Praise anabwera ndi mayina a zinthu zoti akamugulire. Mayi Benedicta anali atavala magalasi, fomu ya ku Midrand ili patsogolo pawo.

"Bwera kuno, mwanawe. Dzina lako lonse amalemba bwanji?"

Tusekile anaima pafupi ndi tebulo. Cholembera chinali kale pa pepala. Akanangotchula zilembo, nkhani ikanathera pomwepo.

"Mayi, musalembe kaye. Ndikupempha muyatsenso pulojekita."

"Chavuta n'chiyani?"

"Yatsani, mayi. Ndikufuna onse aone, monga anaonera dzulo."

Tebulo la mayina linaonekanso pa khoma. Tusekile anafotokoza za wotchi ya pa foni, monga anamufotokozera a Sidi. Anasankha mzere wonse, n'kulemba [h]:mm onse akuona.

14:00 inasanduka 38:00.

Praise anagwira pakamwa. Chipewa chija chinagwa m'manja mwa Nandi.

"Sate-eyiti?" anatero Praise. "Eish! Ndiye kuti Mjoni uja..."

"Dzina lake ndi Jabu," anamudula Tusekile. "Anatiposa tonse, ndipo anatiposa kutali. Ndinalakwitsa ndine, sindinaiuze kompyuta kaonetsedwe koyenera. Ndinazindikira dzulo madzulo, mayi. Ndinabweza n'kukhala chete. Pepani."

Mayi Benedicta anavula magalasi. Anatenga kope lawo, n'kuyamba kuphatikiza maola a Jabu ndi cholembera, milomo ikugwedera. Atamaliza anatseka kopelo.

"Ambuye ndikhululukireni," anatero motsitsa. "Mwana uja ananena zoona, ine n'kumudzudzula pagulu. Ndinati kompyuta ilibe m'bale. Kope ndinali nalo pompano, koma sindinalitsegule." Anatembenukira kwa achinyamata onse. "Ana inu, mumve. Makinawa ndi abwino, ndipo muwaphunzire ndi mtima wonse. Koma munthu akaima n'kunena kuti nambala iyi si yanga, musamutseke pakamwa ndi makina. Khalani naye pansi muwerenge limodzi. Ine ndi imvi zangazi ndaphunzira lero."

Kenako anamukoka Tusekile n'kumukumbatira mwamphamvu. Amayi a kukhitchini anayambanso nthungululu, ndipo ulendo uno Tusekile analira. Ndege inali itamudutsa, ndipo zinamupweteka, tisabise. Koma manyazi a dzulo aja anali atamuchoka.

"Muimbireni Jabu! Muimbireni msanga!" anakuwa Nandi.

Mayi Benedicta anaimba. Foni inali yozimitsa. Praise anayesa pa WhatsApp, n'kupeza kuti Jabu anatuluka m'gulu lawo dzulo lomwelo. Mayiwo anaimbanso kachiwiri, kachitatu, koma osapezeka.

"Fomu iyi ikufunika ku Midrand isanakwane folo koloko lero," anatero Mayi Benedicta. "Ikufunikanso siginecha ya kholo lake. Ine sindingachoke, ana akubwera kudzadya. Ndipitiriza kuimba. Koma akapanda kupezeka, sitingataye malowa. Wachiwiri ndi iwe, Tusekile. Ndidzalemba dzina lako, ndipo palibe amene adzakunene."

Onse anamuyang'ana. Ndege ija inali itabwereranso yokha. Chimene chinkafunika n'kungokhala pansi, kusenda mbatata, n'kudikira kuti nthawi ikwane.

"Amakhala kuti?" anafunsa Tusekile.

"Ndimangodziwa kuti ndi ku Meadowlands, m'nyumba ya kuseri, pafupi ndi spaza, kagolosale ka utoto wobiriwira. Ankati agogo ake aliyense amawadziwa ndi dzina loti Madala Dedza. Koma iwe usati..."

Mwana wina anagwetsa mbale kukhitchini, ndipo mayiwo anathamangira komweko. Pobwerera anapeza fomu ndi laputopu palibe, Tusekilenso palibe.

6. Chala m'mwamba

Anadzera kwa a Sidi n'kusindikiza tsamba limodzi lokha. Anajambula mzere wozungulira 38:00 ndi cholembera chofiira. Ankadziwa kuti Jabu sangamvere mawu a munthu aliyense wa m'holo ija. Ankayenera kuona ndi maso ake.

Pa msewu anaimika chala m'mwamba, chizindikiro choimitsira takisi, minibasi ya ku Joni, yopita m'tauni. Chimenechi ankachidziwa. Za ku Soweto sankadziwa ngakhale kokwerera kwake.

Atatsika m'tauni anafunsa mayi wogulitsa malalanje, ndipo mayiyo analoza ndi mutu. Pa renki, pokwerera matakisi, panali phokoso la mahutala ndi anthu okankhana. Tusekile anagwira chikwama chake pachifuwa n'kulowa pakati pawo.

"Uyaphi, sisi?" anafunsa bambo wokweza anthu.

"Meadowlands."

"Zone bani?"

Tusekile sankadziwa kuti Meadowlands ili ndi zigawo zambiri.

"Kwa Madala Dedza," anatero mwamanyazi.

Bamboyo anaseka, n'kumukankhira m'takisi imene inkasowa munthu mmodzi kuti idzaze. Chitseko chinatsekedwa. Takisi inanyamuka.

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba. Anali azakhali a Eleanor.

"Tuse, uli pati? Ine ndafika kale mu shopu. Ndapeza jekete yokongola, yofiira ngati sutikesi ija. Fulumira udzaiyese!"

Tusekile anayang'ana pawindo. Nyumba zitalizitali za m'tauni zinali zikutsalira m'mbuyo. Anayang'ana pepala lili pamwendo pake.

"Azakhali," anatero, "funsani ngati ali nayo ya mnyamata wamtali."